Manzere ndi Sensa Yonama

Alipo anthu amene moyo ukawamenya mbama amamwetulira n'kunena kuti zonse n'zabwino. Nkhani iyi si yawo. Iyi ndi yanu inu amene mumadzuka m'mawa mutakukuta mano, inu amene mwatopa ndi kuuzidwa "pepani". Khalani pansi mumve za makaniko wina amene anakwiya kuposa inu.

Tsiku limene anabwerera ku galaja atatuluka m'chipatala, anapeza ovolosi yake yavalidwa ndi munthu wina. Anaizindikira ndi chigamba cha pabondo chimene anasoka yekha, nthawi imene anali ndi manja awiri.

Tsopano mkono wake wamanja unkathera pamene ena amavala wotchi. Lole yaing'ono inamugwera ali pansi pake. Jeke imene inagonja tsiku limenelo ndi yomwe iye ankaidandaula kuti ikudontha oyilo, mwini galaja n'kumayankha kuti, "Ingoikaniko chikuni."

"Bwana, ndabwera," anatero.

Mwini galaja sanachotse maso pa foni. "Wabwera kudzatani?"

"Kudzagwira ntchito. Mutu ulipo, makutu alipo. Injini ndimaimvabe ikamadwala."

"Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ndiye dzanja limodzi litsitse giyabokosi?"

Anzake ena anaseka, osati chifukwa mawuwo anali oseketsa, koma chifukwa wolankhulayo anali bwana.

"Za jeke ija ndinakuuzani."

"Unandiuza? Alipo anamva?"

Anayang'ana anzake mmodzimmodzi, anthu amene ankadya nawo mbale imodzi. Aliyense anapeza nati yoti amange.

Magazi anawira. Anatola sipanala yaikulu ndi dzanja lamanzere, n'kuiponya ndi mphamvu zonse kuti iswe galasi la galimoto ya bwanayo. Sipanala inapita kwina, inakamenya mgolo wopanda kanthu, khoo! Ngakhale kugenda sanathe. Anatuluka pageti kuseka kukumutsatira kumbuyo.

Anakakhala kwa mchemwali wake wamkulu, mayi wolimba mtima amene ankayendetsa yekha minibasi yonyamula ana a sukulu. Mayiyu ankamukonda mchimwene wake, koma chikondi chake chinali chotsamwitsa. Ankamudulira nyama m'mbale ngati mwana. Ankamumangira mabatani. Akangogwira ndowa, mayiyo ankathamanga. "Siya, achimwene, siya, upweteka."

Mlamu wake, yemwe anali telala, anatenga malaya ake onse n'kusoka kukamwa kwa mkono wamanja osamufunsa.

"Ndakukonzerani, alamu. Mphepo isamalowe."

"Ndinakutumani?"

"Aaa, alamu, nanga ndikulipiritsani? Telala wina akanakuwerengerani mikono iwiri."

Sanaseke. Anasomola ulusi wonse ndi mano.

Ana a m'misewu anayamba kumutcha Manzere, ndipo dzinalo linakakamira ngati girizi pa malaya oyera. Iye anakwiyira anawo. Anakwiyira mlamu wake, anakwiyira supuni imene inkamutayikira, anakwiyira zingwe za nsapato. Anakwiyira abusa amene anabwera kudzamuuza kuti zonse zili ndi cholinga. Koma kuposa onsewo, anakwiyira anthu a nkhope zachisoni, aja ongoyang'ana mkono wake n'kupukusa mutu.

Kukhala pakhomo kunamukanika. M'mawa uliwonse ankapita kumsewu wa magalaja, n'kukhala pa tayala lakutha, kumangonunkhiza fungo la oyilo ngati munthu wanjala pakhomo pa lesitilanti.

Pafupi ndi tayalalo panali kashedi ka mkulu wina wokonza magetsi a galimoto. Anthu ankamutcha a Fyuzi, chifukwa sankachedwa kupsa. Tsiku lina mkuluyu anatulutsa mutu pansi pa chiwongolero n'kukuwa.

"Iwe wapatayala! Tabwera. Waya uyu ndi wofiira kapena wakhofi?"

Manzere anakweza mkono wake wodukawo. "Simukuona? Ndilibe dzanja."

"Ndafunsa dzanja ine? Ndafunsa mtundu wa waya. Kapena maso nawonso anakudula?"

Manzere anadzuka kuti akawatukwane. Atafika pafupi, anaona kuti maso a mkuluyo ayera ngati mkaka wothira madzi.

"Ndi wofiira, uli ndi kamzere kakuda."

"Basi gwira apa. Usagwedere."

Aka kanali koyamba chivulalire kuti munthu amutume ntchito osanena "pepani". Mawa lake anabweranso.

Musaganize kuti zinayenda ngati madzi. Kale Manzere ankanyoza ntchito ya mawaya, ankati ndi ya anthu oopa kuda m'manja. Tsopano inamuchititsa manyazi tsiku ndi tsiku. Anapsereza mafyuzi osawerengeka. Mtovu wosungunuka unamudonthera pantchafu. Mita yoyezera magetsi ili ndi zingwe ziwiri, ndipo amene anaipanga ankaganiza za munthu wa manja awiri.

"Dzanja lachiwiri ndilitenga kuti?" anakalipa tsiku lina.

"Ukandifunsa ine, maso achiwiri ndikafunse ndani?" anabweza a Fyuzi. "Ganiza!"

Anaganiza. Anatenga zopanira zovala pachingwe cha mchemwali wake, anatenga mapini m'kabati ya mlamu wake, n'kupanga tizipangizo togwirira waya. Anaphunzira kupanikiza mita ndi chigongono, kusenda waya ndi mano, kugwira sikuludilaiva ndi dzanja limene kale linkangodziwa kusunga tochi. Mvula inagwa n'kutha. Dzuwa linawotcha malata a shedi. Awiriwo ankakangana kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, moti anthu odutsa ankaima kuti aleretse ndewu, n'kupeza kuti akukambirana za waya wa hutala.

A Fyuzi anamuphunzitsa kuti galimoto za masiku ano zili ndi kompyuta, ndipo kompyutayo ilibe maso. Imadalira tizipangizo totchedwa masensa kuti tiziiuza zimene zikuchitika mu injini. "Sensa ikanama," ankatero mkuluyo, "kompyuta imakhulupirira. Imalanga injini yosalakwa."

Kenako minibasi ya mchemwali wake inayamba kudwala.

Inkafuka utsi wakuda bii. Petulo inkamwa ngati chidakwa pa maliro a mnzake. Ikaima inkanjenjemera, kutsokomola, kenako zii. Mchemwali wakeyo sanamuuze kanthu. Anaipititsa ku galaja ina, anasintha mapulagi. Anaipititsa kwina, anasintha sefa ya mafuta. Kwina anasintha pampu. Womaliza anati injini yatha, iyenera kutsegulidwa yonse.

Tsiku lina inazima pakati pa mphambano, ana ali phaa m'kati. Lole yamchenga inamanga mabuleki mpaka matayala analira, n'kuima pafupi kwambiri moti ana a kuwindo anaona dzimbiri la pabampala. Madzulo ake makolo anayamba kuimba foni. Ena ananeneratu kuti zikachitikanso achotsa ana awo.

Manzere anamva nkhaniyi kwa mlamu wake, amene anaitaya mwangozi akusita buluku. Anapita kukhitchini.

"Achemwali, m'nyumba muno mukugona makaniko, inu mukuzungulira magalaja onse?"

"Sindinafune kukuvutitsa, achimwene."

"Kundivutitsa? Nenani zoona. Mwandidulira nyama mokwanira, lero mundipatse ndi fupa lomwe."

Mayiyo anaika mpeni pansi. "Chabwino. M'galimoto muja mumakwera ana a eni. Si malo ophunzirira ntchito. Ndakuuza."

"Amene ali ndi manja awiri aja akonza?"

Loweruka m'mawa mayiyo anaika makiyi patebulo.

Manzere anatsegula boneti ngati munthu wopita kunkhondo. Anamasula pulagi imodzi. Inali yatsopano koma yakuda ndi mwaye. Izi zinamuuza kuti injini ikupatsidwa petulo wochuluka kuposa mpweya umene ikupuma. Ndipo chimodzi mwa zimene zimauza kompyuta kuchuluka kwa petulo wofunika ndi kasensa kakuda, kochepa ngati bokosi la machesi, kokhala pafupi ndi njira imene mpweya umalowera mu injini. Kamayeza mphamvu ya mpweyawo. Woyendetsa akaponda moto, kamanena kuti, "Injini yalemedwa, onjezani petulo." Akachotsa phazi, kamati, "Yapuma, chepetsani."

Kali ndi mawaya atatu. Manzere analowetsa pini pa waya wobweretsa magetsi: mavolti asanu, monga ziyenera kukhalira. Waya wa efi, wobweza magetsi ku chitsulo cha galimoto, unali bwino. Pa waya wachitatu, umene umanyamula uthenga kupita ku kompyuta, mita inaonetsa anayi ndi theka injini isanalire. Atailiza, nambala inatsika kufika pa imodzi ndi kanthu. Ataponda moto inakwera, atasiya inatsika. Sensa inkanena zoona zokhazokha.

Anapeza sefa ya mpweya yodzaza fumbi ndi pulagi ya mawaya yochita dzimbiri pang'ono. Anatsuka zonse. Injini inalira bwino, utsi osaoneka. Anatseka boneti ndi chigongono, phaa!

"Yatha," anatero akuponya makiyi. "Kantchito ka mwana. Mukawauze a manja awiri aja."

Lolemba minibasi inazimanso, pamwamba pa chitunda, ana ali m'kati. Mchemwali wake anawatsitsa onse, anawagwiranitsa manja, n'kuyenda nawo wapansi mpaka kusukulu, magalimoto akuwaimbira mahutala. Anafika kunyumba nsapato zili m'manja. Sanakalipe. Anangomuyang'ana n'kunena liwu limodzi.

"Ndinadziwa."

Liwu limenelo linapweteka kuposa lole imene inamugwera ija. Manzere anatuluka, anamenya chitseko, anayenda mpaka kushedi osaona njira. Anaponya mita pa benchi ya a Fyuzi.

"Tengani zinthu zanu. Ndasiya. Onse aja ankanena zoona."

"Ukaswa mita yanga ndikuthyola dzanja latsalalo," anatero mkuluyo. "Yazima itatani?"

"Yangozima."

"Yozizira kapena yotentha?"

"Sindikudziwa."

"Pokwera kapena poima?"

"Ndati sindikudziwa!"

"Woyendetsa unamufunsa?"

Manzere anapukusa mutu.

A Fyuzi anaseka moipa. "Safunsa anadya phula. Mayi uja amakhala ndi galimotoyo tsiku lonse, amaidziwa ngati mwana wake. Iwe unatanganidwa ndi kumuonetsa kuti ndiwe mwamuna, mpaka unaiwala kumufunsa pamene pakupweteka. Unayeza galimoto kapena unayeza ulemu wako?"

"Mukundinyoza?"

"Kwambiri. Tola mita uzipita."

Njira yobwerera inatalika. Kupepesa si ntchito imene Manzere ankaidziwa, ndipo sanaiphunzire tsiku limenelo. Anapeza mchemwali wake ataviika mapazi m'beseni, foni ili pambali ikungolira.

"Achemwali, imazima ikatani?"

"Choka pamaso panga."

"Ndichoka. Koma ndiuzeni kaye."

"Lero ndiye ukufunsa? Loweruka pakamwa panali pokhoma?"

"Panali pokhoma. Ndiuzeni."

Mayiyo anamuyang'ana. Kenako mawu anatuluka ngati madzi pa paipi yophulika. M'mawa imalira bwino, ngati yatsopano. Ana oyamba amawatenga popanda vuto. Ikangoyenda mtunda, makamaka ikakwera chitunda, utsi umayamba. Akaima, imazima. Akaisiya kuti izizire, imaliranso ngati sinalakwe. "Ndawauza onse aja zimenezi," anamaliza. "Palibe anamvera. Amangoona mzimayi, n'kuyamba kumasula zinthu."

Manzere anamva manyazi mpaka kumapazi. Iye anaiyeza m'mawa, ili yozizira, itagona usiku wonse pamthunzi.

"Ndipatseni ulendo umodzi. Wopanda ana. Inu muyendetse, ine ndikhale pambali."

"Ikakanika?"

"Mukaitsegulitse injini. Sindidzalankhulanso."

Makaniko wina anali ataikokera kale minibasi pakhomo. Manzere analowetsa pini pa waya wa uthenga uja, anamangirira waya wautali, anautulutsa pansi pa boneti n'kuulowetsa pawindo. Mita anaiika pamwendo n'kuipanikiza ndi mkono wodukawo.

Ananyamuka dzuwa lili pamutu. Anadutsa njira yomwe ija ya tsiku ndi tsiku, kuima pageti lililonse ngati akutenga mwana. Nambala pa mita inkakwera ndi kutsika motsatira phazi la woyendetsa. Thukuta linkatsika m'khosi.

"Ikuchita manyazi chifukwa wakweramo iwe," anatero mchemwali wake mwaukali.

"Yendetsani."

Anafika pachitunda. Minibasi inakwera ikubuula. Pamwamba, mayiyo anachotsa phazi kuti aime.

Nambala sinatsike. Inakakamira pa anayi ndi theka, nji!

"Phazi lili kuti?" anakuwa Manzere.

"Ndachotsa!"

"Chotsani lonse!"

"Ndati ndachotsa, ukufuna ndilidule?"

Atangotero anagwira pakamwa, maso ali pa mkono wa mchimwene wake. Koma Manzere sanamve n'komwe. Ankayang'ana pa galasi lam'mbali, pamene utsi wakuda unali utayamba kutuluka. Injini inanjenjemera, inatsokomola, n'kuzima.

"Ndakugwira, wabodza iwe!"

Anadumpha, anatsegula boneti. Ulendo uno sanathamangire kulengeza. Anayeza magetsi obwera: asanu, ali bwino. Anayeza efi: ili bwino. Anagwedeza mawaya kuti aone ngati pali woduka m'kati: nambala osasuntha. Anasisita kapaipi kakang'ono kolumikiza sensa ndi njira ya mpweya, kufunafuna mng'alu: kanali kabwinobwino. Kenako anakazula kumapeto, anakaika pakamwa, n'kuyamwa ndi mphamvu. Kanali kotentha, kanamuwotcha milomo, kanamusiyira kuwawa kwa petulo palilime. Sensa yamoyo ikayamwidwa chonchi, nambala imatsika. Iyi inangoti duu.

Anadikira pamthunzi wa minibasi, aliyense akuyang'ana kwake, mpaka injini inazizira. Anayamwanso. Nambala inatsika bwinobwino.

"Taonani, achemwali. Ikazizira imanena zoona. Ikatentha imauma mutu, n'kumauza kompyuta kuti mukukwerabe phiri pamene mwaima. Kompyuta imathira petulo mpaka injini kutsamwa. Injini yanu ilibe mlandu. Vuto ndi aka."

Mayiyo anayang'ana kanthu kakuda kali m'dzanja la mchimwene wake. "Aka? Kachinthu aka ndi kamene kanatsala pang'ono kundiphera ana?"

"Aka."

Anapita kusitolo ya zipangizo za galimoto, anagula sensa ina. Manzere anaimanga yekha, mabawuti awiri, mchemwali wake ataima pambali manja akumuyabwa. Sanamuthandize. Anabwereza ulendo wonse, anakwera chitunda chija, anatsika, anakweranso. Pamwamba mayiyo anachotsa phazi. Nambala inatsika. Injini inangoti ng'rrr, mofatsa, ngati mphaka wokhuta.

Manja a mchemwali wake anali akadali pachiwongolero. Manzere anadikira misozi, anadikira "pepani" amene ankadana naye uja. Koma mayiyo anatembenuka maso ali psuu.

"Ndiye iweyo, chitsiru iwe, unkadziwa zonsezi n'kumandisiya ndikuvutika? Ndayenda wapansi ndi ana a eni, mapazi atupa, iwe uli phee kukwiyira masupuni! Mawa udzuke m'mawa, mahutala sakulira bwino, ndipo nyali yakumbuyo inafa kalekale. Wamva?"

Umu ndi mmene ankamukalipira kale, ali wathunthu. Manzere anaseka mpaka mita inagwa pamwendo.

"Ndamva, achemwali."

Oyendetsa magalimoto a ana a sukulu amakumana pageti podikira kuweruka, ndipo pakamwa pawo sipakhala chete. Posakhalitsa minibasi zina zinayamba kuima pashedi ya a Fyuzi, eni ake akufunsa za "mkulu wa dzanja limodzi uja". Si zonse zimene anazitha. Zina zinamuzunguza mutu kwa masabata, zina anabweza n'kunena poyera kuti zamukanika. Koma aliyense wobwera ankayamba wakhala pa benchi n'kufotokoza, Manzere akumvetsera, boneti isanatsegulidwe.

Maso a a Fyuzi atatheratu, mkuluyo anamusiyira shedi. Amabwerabe, amakhala pampando pakhomo, kumvetsera injini ndi kutukwana aliyense. Shediyo tsopano ndi galaja ya zitseko ziwiri, ndipo magalaja ena amatumizako magalimoto amene awavuta. Manzere sanasanduke munthu wofatsa. Mukamupeza akukangana ndi waya, mudzathawa. Dzanja silinamere. Amene anamulakwira sanabwere kudzapepesa.

Inu amene mukuwerenga, mwina anakulakwirani zoona. Mwina amene anakupwetekani akudya bwino, akugona tulo. Sindikuuzani kuti musakwiye, ndingakhale wabodza. Kwiyani. Koma mkwiyo umene umangoswa zitseko umakusiyani panja. Utengeni mupite nawo kuntchito, muumange goli, ukoke. Chimene chatsala m'thupi mwanu, kaya ndi dzanja limodzi, kaya ndi maso, kaya ndi mutu wokha, chigwireni mwamphamvu. Mukalephera poyera, anthu n'kunena kuti ankadziwa, mezani malovu owawawo, bwererani, funsani, yezaninso.

Akuuzani kuti mwatha? Iwo si amene anakulengani. Dzukani, tsegulani boneti. Osataya mtima.